Kanyimbi Agubuduka m'Munda wa Mayi Nungu

Padangokhala! Nanga mwangoti duu bwanji? Vomerani kuti tili tonse, apo ayi ine ndinyamuka ndizipita.

Kalekale, nyama zisanaiwale kulankhula, kunali Kanyimbi ndi mkazi wake Nankhoma. Anali ndi mwana mmodzi yekha, namwali dzina lake Ndaziona. Mtsikana wakhama, waulemu, wogwada popereka madzi. Koma banja, ayi ndithu. Vuto linali fungo. Kanyimbi mukumudziwa inu. Akangodzidzimuka pang'ono, amatulutsa fungo loti ngakhale ntchentche zimasamuka. Ankhoswe a anyamata ankafika pabwalo, n'kuti odi, n'kugwira mphuno, n'kutsanzika asanakhale n'pansi pomwe.

Tsono kunabwera mnyamata wina, Gologolo. Iyeyu sanathawe. Anati atsibweni ake abwera mawa kudzatula nkhani ya ukwati.

Kanyimbi mtima sunakhale m'malo.

"Nankhoma, uyu yekha asatipulumuke," anatero. "Konzani kamba. Lero tonse tikayenda kumunda kwa mayi Nungu."

Mayi Nungu anali ndi munda kuseri kwa phiri. Munalibe chimanga, munalibe nyemba, munali zomera zonunkhira zokhazokha. Nyama zinkapitako ndi ana awo kukacheza, kukhala pamthunzi n'kumadya kamba wawo. Antchito a m'mundamo anali njuchi.

Pachipata mayi Nungu anawalandira bwino.

"Fikani, fikani. Lamulo la kuno ndi limodzi. Yendani m'tinjira, nunkhizani mpaka mphuno zitope, koma m'mizere musalowemo. Mlendo sadzithyolera yekha."

"Tamva, mayi," anatero Kanyimbi, akuwomba m'manja ngati munthu.

Anayenda, anayenda, nafika pa udzu wa mandimu, uja timathira mu tiyi. Kanyimbi anayang'ana uku, nayang'ana uku. Kenaka m'mizere muja gubudu! Gubudu gubudu, chagada, chafufumimba.

"Nankhoma, tandinunkhizani. Ndikumveka bwanji?"

Nankhoma ananunkhiza, nayetsemula.

"Mukumveka ngati tiyi wogweramo khoswe. Tulukani, bambo a Ndaziona, mwamva lamulo."

"Ndiye kuti sizinakwane. Tiyeni kutsogolo."

Anayenda, anayenda, nafika pa mpungabwi, uja timathamangitsira udzudzu. Kanyimbi anayang'ana uku, nayang'ana uku. Gubudu! Gubudu gubudu, masamba onse phwathalala.

"Atate, anthu akutiona," anadandaula Ndaziona, atabisa nkhope.

"Anthu ake ati? Ukhale chete iwe, zonsezi ndikuchitira iwe wemwe. Nankhoma, nanga apa?"

"Apa udzudzu uthawa. Koma ankhoswe athawira limodzi ndi udzudzuwo."

"Ndiye kuti sizinakwane. Tiyeni kutsogolo."

Anayenda, anayenda, nafika pakati penipeni pa munda. Abale inu, pamenepo panali lavenda, timaluwa tapepo totsatana ngati mikanda. Mbewu yake mayi Nungu adakaitenga kutali, ndipo ankaithirira okha, osatuma munthu. Fungo lake ukalimva, umakhululukira ngakhale amene adakubera nkhuku.

Apa Kanyimbi sanayang'anenso uku kapena uku. Anangodziponya. Anagubuduka mzere woyamba, wachiwiri, mpaka munda wonse wa lavenda unagona. Maluwa ena anatsomeka m'makutu, ena m'khwapa, ena kumchira.

"Nankhoma!"

Nankhoma ananunkhiza. Ananunkhizanso. Bodza n'loipa, mwamuna uja ankanunkhira.

"Eee, apa ndiye mwatheka. Chikwatirane sindinakumveni chonchi. Tsono tulukani msanga."

"Dikirani, ndiwonjezere pang'ono. Zifike mawa."

Paja akuluakulu amati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Njuchi zinali zitapita kukamwa madzi kudambo. Pobwera zinapeza maluwa awo onse ali pansi. Loimirira linali limodzi lokha, lalikulu, lamiyendo inayi. Zinakondwa, zinayamba kuimba:

"Duwa lalikulu, duwa loyenda,
Timwe, timwe, timwe!"

Ina inatera pamphuno. Ina inalowa m'khutu. Zina zinaunjikana kumchira kuti bii.

"Musanjenjemere, bambo a Ndaziona!" anakuwa Nankhoma. "Mukachita mantha tatha. Gwirani mtima!"

"Mtima ndaugwira," anayankha Kanyimbi chonong'ona, "koma kumbuyoku sindikudziwako."

Njuchi zinafufuza, zinafufuza, timadzi totsekemera osatipeza. Ina yaukali inati, "Duwa lanji louma ngati chikopa?" Basi mbola ija pansi pa mchira, tswi!

Phwiii!

Ana inu, ine kunalibe, koma amene adaona amalavula mpaka lero. Njuchi zinagwa pansi ngati mapira. Amayi anabereka ana chozondotsa. Zakudya zinatayika, mikeka inasiyidwa. Fulu, fulu weniweniyu, anathamanga mpaka kumupitirira Gwape. Mayi Nungu anafika minga ili njoo, naona lavenda wawo, nakhala pansi n'kugwira kumutu, kulira osatulutsa mawu.

Koma pansi pa mtengo wa muwanga panatsala mkulu mmodzi, wa imvi kumchira. Anadzuka pang'onopang'ono, atatseka mphuno ndi nsalu, nabwera pomwe panali Kanyimbi.

"Wawa, a Kanyimbi. Simukundidziwa. Ine ndine tsibweni wake wa Gologolo. Nanenso ndinabwera ndi ana kudzacheza. Ndakuonani pa udzu wa mandimu, ndakuonani pa mpungabwi, ndakuonani pano."

Kanyimbi anayesa kumwetulira, koma milomo nayonso inali italumidwa ndi njuchi, itatupa ngati zitumbuwa.

"Pepani, achimwene, kafungoka n'kangozi chabe. Mawa mudzapeza katatha."

"Ayi, za fungo musavutike," anatero mkulu uja. "Mnyamata wathu adatiuza kale. Adati, 'Atsibweni, kumeneko mphepo yake ndi yolemera, koma mtsikanayo ndamukonda.' Tinakhala pansi mtundu wonse, tinagwirizana kuti tizolowera. Fungo si mlandu, mudabadwa nalo. Koma mpongozi woti wauzidwa pachipata kuti usalowe, wawomba m'manja, kenaka wakagubuduka m'munda mwa eni, ameneyo mawa adzagubuduka m'nkhokwe mwathu. Musasese pabwalo mawa. Sitibwera."

Anaitana ana ake, napita.

Ndaziona anaima pomwepo, misozi ili chuchuchu. Ine pamenepa ndimamva chisoni, chifukwa mwanayu sanathyole ngakhale tsamba limodzi.

"Atate," anatero, "anali atavomera kale."

Nankhoma anamugwira mwana wake dzanja, nauyamba ulendo wakumudzi. Bambo ankatsatira patali, akuyenda chotang'adza, duwa limodzi likadali m'khutu.

Ndiye mumve, inu mukusekanu. Chimene munthu adabadwa nacho anthu amachipirira, koma khalidwe loipa palibe amalizolowera. Ndipo kholo likachita zopusa, amene amalipira ndi mwana.

Yanga yathera pomwepa. Amene anaika mbatata paphulusa akaphule, ine ndikumva kupserera.