Chigayo Chimene Sanachitchule

Patauni ina yaing'ono m'mbali mwa msewu waukulu panali munthu wina wa chigayo. Anthu ankamulemekeza. Amayi ankabwera ndi matumba pamutu kuchokera m'midzi yakutali, chifukwa ufa wake unali wosalala ndipo sankabera pa muyeso. Chigayocho ndicho chinkadyetsa banja lake, ndicho chinkalipirira ana sukulu, ndiponso ndicho chinkagulira mayi ake okalamba mankhwala. Zinthu zitayenda bwino, anatsegula chigayo china kutsidya la mtsinje, n'kuikapo mlamu wake kuti aziyang'anira.

Koma panali chinthu chimodzi chimene munthuyu sankafuna kuchiganizira. Msonkho. Chaka choyamba anati dizilo wakwera mtengo, adzalipira zinthu zikakhala bwino. Chaka chotsatira injini inafa. Pambuyo pake sanafunenso chifukwa, anangokhala chete. Komatu abale anga, ngongole ya msonkho siima chifukwa choti mwini wake wakhala chete. Imakula, chilango n'kukwera pamwamba pake. Akangoona galimoto yachilendo ikuima pafupi, ankathamangira kukabisala. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, ankathawira kuseri kwa matumba a madeya mpaka galimotoyo ichoke.

Tsiku lina a msonkho anamupeza ndithu. Sanamukalipire. Anangomuuza kuti akaonekere ku ofesi n'kukafotokoza mmene alipirire, apo ayi chigayo chitsekedwa.

Mkazi wake ndiye anamuuza za Mayi Nankwenya, katswiri wa zamisonkho amene ankakhala kuboma. Ntchito yawo inali kuimira anthu otsamwidwa ndi ngongole ngati iyeyu. Malamulo ankawadziwa, ndipo ankatha kupempha kuti chilango chichepe, munthu azilipira pang'onopang'ono ntchito yake ikuyenda. Mwamunayo anawaimbira foni, iwo anavomera kubwera kudzaona chigayocho.

Tsono tamverani chimene anachita. Anawalandira mayiwo ngati mlendo. Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Timasesa pabwalo, timayala mkeka watsopano, nkhuku imafa, ndipo zong'ambika ndi zakuda zonse timazikankhira kuchipinda, chitseko n'kutseka. Mlendo asaone manyazi athu. Ndi ulemu wabwino umenewo, sindikuunyoza ayi. Koma mayiwa sanabwere kudzacheza.

Atadya, anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, “Bambo, ine ndikukalankhula m'malo mwanu. Ndiuzeni zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Pali penanso pamene mumapezera ndalama?”

Munthuyo anakumbukira chigayo chakutsidya. Anafuna kuchitchula. Koma anaganiza kuti, ndikachitchula ngongole iwirikiza, ndipo mayi olemekezekawa andiona ngati mbava. Anachita mantha, anachitanso manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo anakula.

“Ayi mayi,” iye anatero, “n'chomwechi basi.”

Mayi Nankwenya anamukhulupirira. Anaigwira ntchito ija ndi mtima wonse. Tsiku lokaonekera litafika, anakhala pambali pake mu ofesi muja n'kuyamba kumulankhulira. Anafotokoza za injini imene inafa, za ana a sukulu, za mayi odwala. Anati munthuyu analakwa, inde, koma wabwera atangoitanidwa ndipo sanabise kanthu. Mkulu wa msonkho ankangogwedeza mutu, akumva. Anavomera kuchotsako chilango, anavomeranso zolipira mwezi ndi mwezi. Mwini chigayo anapuma mpweya umene anali asanaupume kwa zaka.

Kenaka mkuluyo anafunsa mofatsa kuti, “Nanga chigayo chakutsidya chija bwanji simukuchitchula? Anyamata athu anafikako. Mlamu wanu akuti n'chanu.”

Mayi Nankwenya anatembenuka kumuyang'ana, iye n'kuweramitsa mutu. Mkulu uja ananena kuti munthu amene wabisa lero sangamudalire kuti adzalipira mawa, ndipo zonse zimene anagwirizana zinathera pomwepo.

Atatuluka panja, munthuyo anayamba kudandaula, misozi ili mbwembwembwe. “Mayi, bwanji munangokhala chete? Bwanji simunandiyankhire?”

Iwo anati, “Bambo, mukanandiuza, chigayo chimenecho ndikanayamba kuchitchula ndine, ndipo akanatimvera. Ndikanayankhira bwanji chinthu chimene simunandipatse?”

Sabata isanathe, zigayo zonse ziwiri zinali ndi maloko pakhomo. Amayi ankafika ndi chimanga chawo, n'kubwerera nacho. Ana anabwezedwa kusukulu. Zinandimvetsa chisoni kwambiri nkhani imeneyi, chifukwa thandizo linalipo, linalowa m'nyumba mwake, linadya naye mbale imodzi.

Abale ndi alongo, tonsefe tili ndi ngongole kwa Mulungu, ndipo palibe mmodzi wa ife amene angaimalize ndi mphamvu zake. Koma sanatisiye tokha. Anatipatsa Nkhoswe, Ambuye Yesu, woti atilankhulire. Iye sadabwa ndi tchimo lililonse, sanyansidwa ndi munthu wobwera ali wakuda. Vuto ndi ifeyo. Timagwada n'kuulula zing'onozing'ono, kuti ndinapsa mtima, ndinajomba kutchalitchi. Koma chachikulu chija, chimene chimatisowetsa mtendere, timachisiya kutsidya. Mwina ndi munda wa ana amasiye umene munalanda. Mwina ndi banja la mnzanu limene mukuliphwasula mwakachetechete. Inu mukuchidziwa, ine sindikuchidziwa.

Musaganize kuti mukabisira Nkhoswe ndiye kuti mwabisira Woweruza. Woweruza anafikako kale. Tchimo limenelo lidzatchulidwa ndithu. Likhoza kutchulidwa lero ndi pakamwa panu, Yesu n'kulisenza. Kapena lidzatchulidwa tsiku lomaliza, inu mutaweramitsa mutu, popanda wokuyankhirani.

Muuzeni zonse lero, mukadali ndi mpweya.