Nachisale ndi Dzira Limodzi pa Mwezi

Senderani kuno atsikana inu, ndikuuzeni za Nachisale.

Kalekale mkazi ankabadwa ndi timatumba tiwiri ta mazira m'mimba mwake, kena kumanja kena kumanzere. Nthawi imeneyo timatumbato tikatseguka, mazira ambiri ankatulukira pamodzi. Mkazi akaima, ankabereka ana ambirimbiri tsiku limodzi.

Nachisale anali woumba mbiya. Atachira, ana anadzaza mphasa, koma mabere anali awiri okha. Akamayamwitsa uyu, uyo ali kulira. Mvula isanagwe ana ena anamwalira, ndipo iye mwini anaonda mpaka zibangiri zinkavuka zokha.

Masiku amenewo Mwezi ankatsika m'mawa kudzamwa madzi kudambo. Tsiku lina anapeza Nachisale akukumba dongo, misozi ili m'masaya.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa Mwezi.

"Ana akundithera m'manja. Sindingathe kuwalera onse pamodzi."

Mwezi anati, "Ndikhoza kumanga timatumba tanu, n'kumamasula dzira limodzi lokha ndikabwera. Koma mudziwiretu kuti miyezi ina dziralo lidzapita chabe, ndipo pogona pomwe thupi lanu lakonzera mwana padzatuluka ngati magazi. Mudzadikira, mwina nthawi yaitali."

Nachisale anakauza mwamuna wake, Kamtedza. Iye anapukusa mutu.

"Mwana mmodzimmodzi? Nanga munda uja adzalima ndani, mayi?"

"Bambo, timanda tija munakumba ndinu. Ana amene agona mmenemo adzalima?"

Kamtedza anawerama. M'mawa mwake anatenga khasu lake, koma sanapite kumunda. Anaperekeza mkazi wake kudambo.

"Mangani," anatero Nachisale. "Ndidzadikira."

Mwezi anamugwira m'chiuno uku ndi uku. Nachisale anamva kaululu pang'ono mbali imodzi, kenako kanatha. Atasiya kuyamwitsa ana otsalawo, anadikira ndithu, nyengo n'kusintha. Pomaliza anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene anayamwa mpaka kukhuta. Akazi ena ataona masaya a mwanayo, nawonso anatsikira kudambo.

Ndiye chifukwa chake mpaka lero, mtsikana akakula, kathumba kamodzi kamatulutsa dzira limodzi mwezi ndi mwezi. Likakumana ndi mbewu ya bambo, mwana amayamba. Likapanda kukumana nayo, magazi amatsika, ndipo timati mkaziyo ali kumwezi. Tsiku limenelo likadzakufikirani, musadzachite mantha. Si matenda ayi. Ndi zimene anasankha Nachisale kuti ana ake akhale ndi moyo.