Yotamu ndi Ndalama Yodula Pakati

Ana inu amene mudabadwa kwacha ilipo kale simudziwa kuti idalipo nthawi imene maiko atatu ankadyera ndalama imodzi. Sheleni yogulira mchere kuno inkagulanso mowa kutsidya kwa malire, popanda wokufunsa kuti kwanu n'kuti. Amalonda adakondwa. Koma wokondwa kuposa onse adali Yotamu Chimkwapulo, kapitawo wa kumgodi, poti iye malonda ake adali maukwati.

Kuno adali mkamwini kwa Nankhoma. Kuseri kwa phiri la Mpanje, m'dziko lina, adalinso mkamwini kwa Esinala. Akazi awiriwa sankadziwana. Malipiro akatuluka, thumba la kumanja linkapita kwa uyu, la kumanzere kwa uyo. Anzake akamukumbutsa kuti mkamwini alibe munda, iye ankaseka nati, "Ine ndili nayo iwiri."

Chaka china eni mgodi adasulitsa ndalama zagolide zokumbukira mgwirizano wa maikowo, napatsa kapitawo aliyense imodzi. Pamwamba pake padali manja atatu ogwirana. Sidali yogulira sopo, idali yosunga. Yotamu adaiyang'ana, naganiza za makomo ake awiri. Adatenga tchizulo ndi hamala, go! go! naidula pakati. Mkazi aliyense adalandira theka ndi mawu omwewo: "Sunga. Linalo adzandipatsa ndikadzapuma ntchito."

Mgwirizano uja sudakhalitse. Maiko adakangana, lililonse nkusindikiza ndalama yake. Boma lidalengeza kuti wokhala ndi ndalama zakale akasinthire kwawo, atanena poyera kumene amakhala. Apa Yotamu zidamuvuta. Akanena kuno, kutsidya asanduka mlendo. Akanena kutsidya, kuno watha. Adazengereza mpaka nthawi yosinthira idapita, mapepala ake nkutsala oyenera kupichirira fodya. Pamenepo n'kuti chifuwa cha fumbi la kumgodi chitamugwira, ntchito nkumuchotsa. Chimene ankafuna tsopano chidali khomo loti agonepo, pakhale womuphikira phala.

Chaka chomwecho kudagwa njala. Nankhoma adamasula theka lake pansonga ya chitenje, napita kusitolo ya pamalire kuti akasinthe ndi chimanga. Adapeza mayi wina ataimirira kale pamenepo, naye ali ndi theka. Mwini sitolo adaika zidutswazo pamodzi, manja aja nkugwirana bwinobwino.

"Amayi, mwaitenga kuti imeneyi?" adafunsa Nankhoma.

"Adandipatsa amuna anga, a Chimkwapulo."

"Otsokomola aja? A mpata m'mano?"

"Omwewo. Mumawadziwa?"

"Ndimawachapira," adatero Nankhoma.

Yotamu atafika kwa Nankhoma adapeza bulangete lake ndi mpando zili pabwalo.

"Mayi a Lesitala, n'chiyani ichi? Ndikudwalatu ine."

"Kadwalireni kumene kuli theka linalo, bambo. Kuno mudatipatsa theka la mwamuna, ndiye lakwana."

Adasenza bulangete, nakwera Mpanje akupumira m'mwamba, natsikira kwa Esinala. Adamulandira ndi mlamu wake, mlongo wa Esinalayo, ataima pachipata.

"Alamu, mwasochera? Mwati ndinu a dziko liti?"

"Ndine wa pano, alamu. Simukundidziwa?"

"Wa pano adalembetsa pano. Inu mudalembetsa kuti? Bwererani kwanu, ife sitisunga maliro a eni."

Esinala sadatuluke n'komwe.

Pobwerera, ali pamwamba pa phiri, mvula idayamba, ya mphepo ndi matalala. Paphiripo pali mapanga awiri, lina loyang'ana kuno, lina loyang'ana kutsidya. Yotamu adalowa la kuno. Lidali kudontha pang'ono pakona. "Linalo ndi louma," adatero, nathamangira la kutsidya. Kumeneko mphepo inkalowa. "Bola loyamba lija." Adatulukanso. Munthu wanzeru akadapirira kudonthako, koma Yotamu moyo wake wonse sadakhalepo pamalo amodzi osaganiza za pena. Adapita, nabwera, napitanso, bulangete likulemera ndi madzi, chifuwa chikumung'amba, mpaka miyendo idakana.

Mvula itakata, amayi okazula bowa adamupeza ali chafufumimba pathanthwe, pakati penipeni, atauma gwa. Adasuzumira m'mapanga monse muwiri, napeza malo ouma okwana banja lathunthu. Mmodzi adagwira pakamwa nati, "Kalanga ine! Likadakhala limodzi bwenzi ali moyo. Mapanga awiri amuvumbwitsa."

Midzi ya akazi awiri aja idakankhirana mtembo, uwu nkumati ngwanu, uwo nkumati ngwanu, mpaka adamukwirira pomwepo, popanda mkazi womulira.

Mwambi uja udachokera pamenepo: mapanga awiri avumbwitsa. Kuvumbwa ndiko kunyowa ndi mvula. Munthu wofuna kugwira uku ndi uku amaoneka wochenjera kukakhala ng'amba, poti palibe chomukakamiza kusankha. Koma tsiku la mvula limafika, ndipo limamupeza ali panjira. Sankhani phanga lanu, ana inu, ngakhale lodontha, mukhale momwemo.