Akakowa a Pazenera la Nason

Pa Mzimba Boma, Nason Mhone ankadyera kamera. Ankajambula maukwati ndi makanda, koma mtima wake unali pa akakowa. Ankatha kugwada m'udzu tsiku lonse, kudikira mbalame zoyerazo zikutola ziwala zovumbulutsidwa ndi mapazi a ng'ombe.

Chaka china mlamu wake Yotam anakana kugula khadi la chipani chifukwa cha chipembedzo. Anyamata a chipani atamutenthera nyumba ku Champhira, Yotam anakabisala ndi ng'ombe zake kudambo lina lakutali, ndipo Nason ankamupititsira mchere mwakabisira. Tsiku lina anapeza dambo lonse lili mbee ndi akakowa, mmodzi ataima pamsana pa nkhunzi. Chala chinamuyabwa, najambula.

Chithunzicho chinatuluka chokongola zedi, moti anachipachika pazenera la situdiyo.

"Adada, ndapota, chotsani icho," anatero mkazi wake Towera, mlongo wake wa Yotam.

"Muli munthu m'menemo? Ndi mbalame basi."

"Mbalame mukuziona ndinu nokha. Anthu a kuno amayang'ana ng'ombe."

"Iwe za zithunzi uzidziwira kuti?"

Nason anali munthu woti akangotamidwa, makutu amatsekeka. Aphunzitsi ndi makalaliki ankaima pazenerapo n'kumayamikira kuti, "Chatowa chomene!" Iye kumangomwetulira, manja ali m'thumba.

Loweruka lina panaima tcheyamani wa chipani wa ku Champhira. Akakowawo sanawalabadire n'komwe.

"Nkhunzi yothyoka nyanga iyi ndikuidziwa," anatero. "Phiri lili kumbuyoli ndikulidziwanso. Yewo, a Mhone, mwatithandiza."

Nason anapalasa njinga ngati wamisala, koma lole ya anyamata a chipani inamupitirira panjira. Atafika padambopo anapeza khumbi la Yotam likufuka utsi, udzu uli wopondekapondeka. Ng'ombe zinali zitatengedwa, akakowa nawo atazitsatira. Yotam sanaonekenso mpaka lero.

Towera sanalire pamaso pa mwamuna wake. Anamanga katundu, nalowa m'situdiyo, nachotsa chithunzi chija pazenera.

"Ichi ndatenga. Mbwenu cha kwathu chatsala n'chomwechi."

Nason anatsala yekha m'situdiyomo. Anakhala zaka zambiri pa Boma, koma anthu akamuona atakoleka kamera ankatembenuza nkhope. Iye anaona kuyera kwa mbalame, osafunsa china chimene wapachika pamaso pa anthu. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.