Tsiku Lomwe a Zelifa Anasonkhezera Moto

Kuseri kwa nyumba ya a Zelifa, kwa Mkhumba, kunali chisakasa chomwe kwa zaka zambiri chinkafuka utsi wa kachasu. Amuna a m'deralo ankaidziwa njira yopita kumeneko ngakhale atamangidwa nsalu kumaso. Mayiwa analera ana awo ndi mgolo wa m'chisakasamo, koma sankaunyadira. Ankaona okha momwe abambo ena obwera ndi matupi awo ankafotera ngati fodya wapachigafa, ndipo mumtima ankalakalaka atapeza potulukira.

Potulukira panabwera ndi Aliness, mwana wa mng'ono wawo, yemwe anaphunzira ku yunivesite uinjiniya wa kusakaniza ndi kulekanitsa mankhwala. Ntchito itavuta ku Blantyre, mtsikanayu anabwerera kumudzi ndi nzeru zake m'mutu. Anauza amayi ake aakuluwo kuti mgolo womwewo ukhoza kutulutsa sipiliti wotsukira m'manja ndi zida za kuchipatala m'malo mwa chakumwa. Anasonkhanitsa amayi angapo otcheza kachasu, ndipo Tobias, wowotcherera zitsulo pa Phalombe Boma, anawapangira chipaipi chachitali choima njo pamwamba pa mgolo, mkati mwake muli timbale tobowolabowola tosanjikizana ngati masefa.

Aliness anawafotokozera amayiwo kuti m'phala lowira la madeya, makoko a chinangwa ndi madzi a nzimbe muli zinthu zingapo zomwe zakwera minibasi imodzi, koma chilichonse chili ndi siteji yake yotsikira. Choyamba kunyamuka, moto ukangogwira, ndi poizoni wa fungo longa penti, wowononga maso. Pambuyo pake pamabwera sipiliti weniweniyo, kenaka mafuta onunkha, ndipo madzi ndiwo amatsalira. Nthunzi ikamakwera m'chipaipi, pa kambale kalikonse zolemera zimagwa n'kubwerera pansi, zopepuka n'kupitirira. Kuti zimenezi zitheke moto umayenera kukhala wofatsa, komanso kampopi ka pamwamba kazikhala kotsegula kuti gawo lina la zomwe zasanduka madzi lizibwerera m'chipaipi.

Kampopi kameneka ndi komwe kankawadya mtima a Zelifa.

"Mwanangu, ine ndinayamba kutcheza iwe usanabadwe," anatero tsiku lina. "Ndi liti munthu anabwezera mumphika chinthu chomwe chapsa kale?"

"Amayi, zomwe zikubwererazo ndi zimene zikutsuka zinzake zomwe zikukwera," anayankha Aliness mwaulemu. "Mukazitsekera njira, onse atsikira pa siteji imodzi."

A Zelifa anangoti chabwino, koma chabwino chake chinali cha pakamwa pokha.

Mbiri ya ntchitoyi inafika kwa a Peggy, namwino wamkulu pa kachipatala kena ka mpingo, komwe sipiliti ankasowa kawirikawiri. Iwo analonjeza kudzaona okha, ndipo anati akakhutira adzatumiza pang'ono ku Blantyre kuti akayezedwe, akapambana azigula kwa amayiwo. Kutatsala tsiku limodzi kuti namwinoyo abwere, Aliness anaitanidwa ku khonsolo pa nkhani ya chilolezo. Ponyamuka anawasiyira a Zelifa moto, n'kuwakumbutsa kuti zoyamba kutuluka aziike padera.

M'mawa wonse sipiliti ankangodontha, dontho lina kudikira linzake ngati anthu pamzere wa pamjigo. Dzuwa linafika pamutu chigubu choyamba chisanafike ndi pakati pomwe. A Eneless, mmodzi wa amayi a gululo, mayi wa lilime lakuthwa, anasuzumira m'chigubumo n'kuseka chamumtima.

"Kodi a Zelifa aja ankadzaza zigubu anthu asanaweruke kumunda ndi omwewa?" anafunsa. "Mwana munamusambitsa nokha wakumangani manja. Mlendo wathu mawa timuonetsa misozi imeneyi?"

Mawuwo analowa ngati munga wa kuphazi. A Zelifa anadzuka, anamanga chitenje m'chiuno, anatseka kampopi kaja, n'kusonkhezera zikuni za bulugamu mpaka malawi kunyambita nthiti za mgolo. Chipaipi chinayamba kulilima ngati m'mimba mwa munthu wodya kalongonda wosapsa. Posakhalitsa madontho aja anasanduka mtsinje. Zoyamba kutuluka zija, zomwe anali ataziika m'botolo padera, anazithiranso m'zigubu, poti pa kachasu mutu ndiye mwini mphamvu, sutayidwa. Pomwe mthunzi wa phiri la Michesi unkatalika, zigubu zonse zinali zitadzaza, amayi akuwayamikira a Zelifa kuti mkono wawo sunakalambe.

Aliness sanabwere tsiku limenelo. Mvula inamutsekereza ku Boma, anagona kwa mnzake, ndipo m'mawa anafika nthawi imodzi ndi a Peggy, aliyense pa kabaza wake. Ataona zigubu zodzaza, nkhope yake inagwa, koma mlendo anali atafika kale pakhomo. A Peggy anatsegula chigubu, ananunkhiza, n'kubweza mutu m'mbuyo. Anathira pang'ono m'manja. M'malo mouma msanga, zinasiya mafuta onanda. Anathira zina m'mbale n'kuyatsa machesi. Moto unayaka wachikasu, ukuthetheka, kenaka unazima n'kusiya madzi otuwa. Namwinoyo sanakalipe. Anangonena motsitsa mawu kuti zimenezi sangaziyandikize pa bala la wodwala, anathokoza chifukwa cha mpando, nakwera kabaza wake.

Amayi ena anatola madengu awo n'kumapita osatsanzika. A Eneless anati poti zavuta, bola angozigulitsa kwa amuna ngati kachasu kuti thukuta lisapite pachabe. Aliness anawauza kuti phala limenelo silinakonzedwere kumwa, makoko a chinangwa amatulutsa poizoni wochuluka, ndipo womwa akhoza kudzuka kunja kuli mdima mpaka kalekale. A Zelifa atamva zimenezi anakokera zigubu zonse m'nyumba, anakhoma chitseko, kiyi n'kumangirira pa ngodya ya chitenje. Ananena kuti womwa zimenezi ayambe wawadutsa iwo.

Atatsala awiri ndi Aliness, a Zelifa anakhala pa mtondo wogona, maso ali pansi.

"Ndiye zonsezi tikathire kudzenje, mwanangu?"

"Ayi, amayi. Palibe chatayika, zangosokonezeka," anatero Aliness. "Zibwerere mumgolo, tiyambirenso. Koma moto ndikufuna muugwire inu nomwe, chifukwa ine nkhuni sizindimvera ngati momwe zimakumverani."

Kutacha anathira zonse mumgolo n'kuwonjezera madzi. A Zelifa anatsegula kampopi kaja ndi dzanja lawo. Anakhala pafupi ndi moto, akuika chikuni chimodzi, china akuchibweza, diso lili pa muvi wa kachipangizo koyezera kutentha komwe kanali pamwamba pa chipaipi. Aliness anawaonetsa kuti muviwo ukaima malo amodzi ndiye kuti chinthu chimodzi chokha ndi chomwe chikutuluka, ndipo ukayamba kukwera ndiye kuti china chayandikira, nthawi yosintha botolo yakwana. Kwa munthu wozolowera moto waukali inali ntchito yoyabwa m'manja. Kangapo konse dzanja linapita lokha pa mulu wa nkhuni, iwo n'kulibweza ngati mwana wofuna kutola chamwini.

Koma pokhala chomwecho anayamba kuona zomwe zaka zonse zija sanazionepo. Zoyamba zinatuluka ndi fungo lobaya m'mphuno, n'kuziika pazokha. Kenaka fungolo linatha, kunabwera sipiliti woyera mbee, wozizira pakhungu, wouma munthu asanamalize kupukuta m'manja. Patapita nthawi yaitali muvi unagwedezeka, ndipo mphuno yawo inagwirizana nawo: mafuta onunkha aja anali atafika pakhomo. Anasintha botolo Aliness asanatsegule pakamwa, awiriwo n'kuyang'anana, kuseka. Zigubu zinachepa poyerekeza ndi zoyamba zija, koma chomwe chinali mkatimo chinali chinthu chimodzi, chopanda mlendo.

A Zelifa anakana kutuma munthu. Anavala chilundu chawo cha ku tchalitchi, anakwera kabaza botolo lili pamiyendo, mpaka kwa a Peggy. Namwinoyo anayesa monga poyamba, anagwedeza mutu movomera, ndipo anatumiza botololo ku Blantyre. Yankho linachedwa, nandolo mpaka kuchita maluwa, koma litafika linali lokoma. Amayi omwe anathawa aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, a Eneless ali patsogolo ndi mtolo wa nkhuni pamutu ngati sanalankhulepo kanthu. Amuna ozolowera njira ya kuchisakasa ankabwerera pakhomo atauzidwa kuti kuno kulibenso chakumwa. Zoyamba kutuluka zija nazo zinapeza ntchito: Tobias ankazitenga kukatsukira zitsulo asanazipake penti.

Chaka chisanathe, mpongozi wa a Zelifa anachira pa kachipatala komweko. Mayiwa atalowa kukaona khanda, anapeza namwino wachitsikana akuthira kanthu m'manja kuchokera m'kabotolo, akupukuta bwinobwino asanagwire mchombo wa mwanayo. Fungo lake linawapeza ali pakhomo, ndipo analizindikira monga mayi azindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Anangokhala pa benchi, analandira mdzukulu wawo m'manja, misozi ili lengelenge.

Moto waukali unawapatsa zigubu zodzaza ndi manyazi. Moto wofatsa unawapatsa chinthu choyenera kukhudza khanda la tsiku limodzi. Akuluakulu sananame pomwe anati kuona maso a nkhono n'kudekha.