Masamba a Gologolo Pamsewu

Kalekale, nyama zikadalankhula, zinamanga tauni yawo, msewu wa phula pakati. Gologolo ankapalasa kabaza, kunyamula anzake kupita kumsika. Mvuu ankayendetsa lole. Ndiye mukudziwa inu, wa lole akaona njinga amangoyesa ntchentche.

Tsiku lina lole inadutsa pafupi n'kuthothola nsonga ya mchira wa Gologolo. Mantha anamugwira. Lero mchira, mawa mutu. Anathamangira kwa Bilimankhwe, mkulu wokonza misewu.

"Bwana, tipatseniko kanjira kathukathu m'mbali mwa msewu, ife a njinga."

Bilimankhwe anayeza msewu, diso lina uku lina uko, mwendo uli m'mwamba. Pomwe ankamaliza, chimanga chinali chitacha. Anajambula mzere woyera. Mvuu anauponda tsiku lomwelo.

"Achimwene, mzerewu simunauone?" anafunsa Gologolo.

"Mphwanga, ndi mimba iyi, pansi ndingaone bwanji?"

Bilimankhwe anayezanso. Ulendo uno anandandalika miyala. Mvuu anatolapo yotchingira matayala. Nkhanga anatolapo mafuwa ootchera chimanga chogulitsa. Yotsalayo akuti inachoka yokha.

Kenaka kwa a Njiri kunagwa maliro, ndipo anaika masamba pamsewu monga mwa mwambo. Gologolo anaona zodabwitsa. Mvuu yemwe uja anachepetsa liwiro, anavula chipewa, lole ikungokwawa.

Maliro atatha, Gologolo anathyola nthambi zaziwisi n'kuzindandalika pomwe panali mzere paja. Magalimoto onse anayamba kukwawa. Koma mwanawe, Gologolo anaiwala chinthu chimodzi: pamasamba wa njinga amatsika. Anzake onse a kabaza anatsika n'kumakankha njinga, okwera akuyenda pansi pambuyo, nkhope zili zachisoni. Nayenso mwini wake anachita manyazi, anatsika.

Mvuu anaimitsa lole, anabwera chipewa chili m'manja.

"Pepani, mphwanga. Watisiya ndani?"

"Palibe, achimwene."

"Nanga masambawa?"

"Ndi anga. Pamsewu pano ndi pomwe mudzandiphere. Ndiye ndati ndiikiretu, kuti ulemu umene mudzandipatse tsikulo ndiuoneko ndi maso angawa."

Mvuu anayang'ana mchira woduka uja. Nthawi iyi mimba sinamutchinge. Anangoti kukamwa yasa, ndipo inu mukudziwa kukula kwa kamwa ya Mvuu.

M'mawa mwake anabwera ndi khasu. Iye ndi Bilimankhwe anadzala nthambi zija m'mbali mwa msewu. Mvuu anadzala zonse, Bilimankhwe akadali pa dzenje loyamba. Zinaphuka n'kukhala mpanda, malole uku, njinga uko. Mchira wa Gologolo unameranso, n'chifukwa chake mpaka lero amayenda atauimika kuti aliyense auone.

Nthano yanga yafika pasiteji, tsikani, yathera pompa. Mnzanu mupatseni njira akadali moyo, osadikira kudzamuvulira chipewa atagona m'bokosi.