Ukonde wa a Horace

M'nyumba yowambira nsomba ya a Violet utsi sunazime mwezi wathunthu. Chaka chimenecho nsomba za salimoni zinabwera zambiri kuchokera kunyanja yamchere, moti kamtsinje ka banja lawo kanachita kufiira nazo. Mchimwene wawo, a Horace, anali atangolowa m'malo mwa malemu malume awo, ndipo kamtsinjeko tsopano kanali m'manja mwawo.

Mwambo wa pabanjapo sunali wovuta. Ukonde umatchinga theka la madzi basi, ndipo Loweruka masana umazulidwa mpaka Lolemba, kuti nsomba zina zikwere kumtunda, zikaikire mazira pa timiyala pomwe nazonso zinabadwira. Koma a Horace anali ndi phwando la chiliza cha malume patsogolo pawo, ndipo anafuna kuti mudzi udzalisimbe kwa zaka. Anamanga ukonde kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina, nausiya momwemo masabata atatu.

"Achimwene, nsomba zonsezi ndizipachika pati? Pamutu panga?" anafunsa a Violet, mpeni uli m'manja. "Dzulo linali Lamulungu, ukonde ukadali m'madzi."

"Iwe zing'amba nsombazo, za mtsinje undisiyire. Unamvapo liti kuti kamtsinje aka katha nsomba?"

"Malume ankazula."

"Malume ankaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe!"

A Violet anatumbula nsomba yaikazi, mazira ofiira nakhuthukira pathabwa, iwo nanong'ona kapemphero.

Phwando linakoma ndithu. Mlendo aliyense anabwerera kwawo atasenza mtolo wa nsomba zowamba, dzina la a Horace lili pakamwa. Zaka zitatu zotsatira nsomba zinabwerabe, ana a mazira a zaka zam'mbuyo, ndipo a Horace ankaseka mlongo wawo: "Paja unkalira iwe? Nanga izi n'chiyani, achule?"

Koma salimoni za kamtsinjeko zimabwerera kwawo pakatha zaka zinayi. Chaka chachinayicho a Horace anatchera ukonde, nakhala pamwala kudikira ana a nsomba zomwe iwo eni anazitsekera njira. Sabata yoyamba anakola zisanu ndi ziwiri. Yachiwiri anavuula ndere zokhazokha. Madzi anali mbee, timiyala tikuonekera pansi popanda chodutsapo, chisanu nacho chikuyandikira. Palibe anawaloza chala, ndipo zimenezi n'zimene zinawapweteka koposa. A Violet ankangobwera ndi tiyi ndi buledi kumwalako, nakhala nawo pang'ono.

Mwini kamtsinje amayenera kupatula nsomba za chaka chonse za mkazi wa malemu malume. A Horace anazengereza masiku angapo, kenaka ananyamula beseni lopanda kanthu, napita kwa a Mildred, mayi wamasiyeyo. Anaima pakhomo chisoti chili m'manja.

"Lowani, bambo. Mwaima ngati mtengo bwanji?"

"Azakhali, ndabwera chimanjamanja."

A Mildred anayang'ana besenilo, nalowa kuchipinda. Anatulukako ndi nsomba zinayi zowamba, zomwe abale awo a kumtsinje waukulu anawatumizira, naziika m'besenimo.

"Kumenekonso akuti zachepa. Komabe tengani, ana alaweko."

A Horace anafuna kukana, koma anangolandira besenilo. Maso ali pansi, anati, "Azakhali, ndine ndinatseka kamtsinje kaja."

"Tikudziwa, mwana wanga. Si tonse tinadya phwando lija? Ine ndinasenza mtolo waukulu kuposa onse, ndipo sindinafunse kuti zachokera kuti. Mulungu atikhululukire."

A Horace anabwerera kwawo podzera njira ya kuseri kwa nyumba, beseni la nsomba zinayi likuwalemera kuposa ukonde wodzaza. Madzulo ake anakazula ukonde, koma panalibenso nsomba yoti aipatse njira. Akuluakulu sananame: chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.